Mabotolo a Mang Sebyo Pansi pa Makwerero

Phokoso loyamba ndinalimva pakati pa usiku, patangopita masiku owerengeka chiikireni maliro a Mang Sebyo. Linamveka kuti phwa, pansi penipeni pa chipinda changa, kenako kuyoyoka kwa magalasi, kenako zii. Ndinanyamula Tala, mwana wanga wakhanda, n'kukhala naye pakona mpaka kunja kunayera. Fungo limene linkakwera m'mipata ya matabwa ndinkalidziwa bwino: chimera chokazinga ndi shuga wakuda. Linali fungo la eni nyumba, amene tinali titawakwirira kale.

Aliyense mumsewu wathu kuno ku Bauan, kumene abambo timawatchula kuti Mang ndipo amayi kuti Aling, amadziwa kuti Mang Sebyo anali ndi nthenda imodzi yokha, nthenda ya mowa umene anaumwa kamodzi basi. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi, ngati mwamuna wanga Rodel masiku ano. Tsiku lina sitima yawo inaima ku Antwerp, mzinda wakutali kutsidya kwa nyanja, ndipo m'kanyumba kena pafupi ndi doko anawapatsa mowa wakuda, wolemera, waukali, wofululidwa ndi amonke, abale a mumpingo odzipatula aja. Kuyambira pamenepo mpaka imvi mbuu, bambowo ankayesa kuufulula okha. Ine pobwera kudzachita lendi chipinda cham'mwamba ndinawapeza akuyesabe.

Ankati mowa wa amonke sumvera munthu wamba. Choncho tsiku lofulula ankavala nsalu ya pawindo ya akazi awo, Aling Medyong, n'kumanga chingwe m'chiuno ngati mmonke, thukuta lili kamukamu. Ndiye poti anamva kuti amonkewo amagwira ntchito osayankhula, nawonso ankatseka pakamwa, munthu woti ankatha kucheza ndi mtengo wamagetsi mpaka mtengowo kutopa.

"Sebyo, nsalu yanga ya pawindo ili kuti?" ankafunsa Aling Medyong.

Iwo n'kuloza kumwamba.

"Mulungu sanatenge nsalu yanga. Ili pathupi pakopo, nkhalamba yopanda manyazi iwe. Anthu akutiona tikudya."

Firiji ya m'nyumbamo inali ya mowa. Nsomba za Aling Medyong zinkagona kwa anansi ngati ana amasiye. Pakona ya firijiyo pankakhala kabotolo ka yisiti wowiritsa mowa, amene anamudzutsa kuchokera ku masese a botolo limodzi limene mnzawo anawabweretsera kuchokera ku Antwerp komweko. Yisitiyo ankamutcha abale, ndipo ankamudyetsa shuga ngati chiweto. Munthu ukadwala sankakufunsa kuti wagona bwanji, koma magetsi akangozima, unkawamva akuthamanga opanda nsapato: "Abale, abale atenthedwa."

Chaka china anaitana bambo mfumu kuti adzadalitse mowawo. Ansembewo anamwa kapu imodzi yokha mwaulemu. Potuluka anadalitsa firiji, njinga yamoto, tsache, ndi galu wa anansi kawiri.

Mowa ukapsa, msewu wonse unkasonkhana pakhomo. Mang Sebyo ankathira m'kapu yawo yagalasi ya mwendo umodzi, kuyang'ana thovu, kununkhiza, kutseka maso. Ife chete. Akameza ankapukusa mutu.

"Watsala pang'ono."

Zaka zonsezo mawu anali omwewo. Amuna ankabwerera kwawo chokwawa akuyamikira, koma mwini wake ayi. Aling Medyong okha ndi amene sanalawepo ngakhale dontho. "Ine sindimwa chibwenzi cha mwamuna wanga," ankatero.

Mowa womaliza ndinauona ukutsekeredwa, nditakhala pamakwerero ndikuyamwitsa. Tsiku limenelo mmonke wathu anaphwanya lamulo lake n'kuyankhula.

"Ning, ndachipeza chimene chimasowa. Mpweya. Uja wa ku Antwerp unkaluma lilime."

Ndinawaona akuthira shuga wowirikiza m'botolo lililonse asanalitseke, kuti mowa upitirize kuwira m'katimo.

"Si wambiri ameneyo, Mang Sebyo?"

"Ndi wambiri ndithu. Ndiwasiya kunja pang'ono chabe, kenako m'firiji. Asadzatulukemo ayi. Abale akakhuta n'kutenthedwa amalusa."

Sipanapite nthawi, mtima wawo unaima ali pampando, nsalu ya pawindo ili pathupi.

Pa masiku a maliro ndinapita ndi Tala kwa azakhali anga, kuthawa phokoso la osewera makadi pamaliropo ndi utsi wa fodya. Ndili komweko, achibale anasowa poika nyama ya olira maliro. Anatulutsa mabotolo onse a mowa m'firiji n'kuwasanja pansi pa makwerero, pamalo otentha, pansi penipeni pa nsalu yolendewera imene Tala amagonamo.

Kutacha usiku wa phokoso uja ndinatsika.

"Aling Medyong, mabotolo aja tiwabwezere m'firiji."

"Palibe chosuntha mpaka tsiku la makumi anayi. Mzimu wake ukadayendayenda m'nyumba muno. Ukufuna apeze zinthu zake tazigwiragwira?"

"Ndi shuga, Aling Medyong. Ndinawaona akuthira ndi maso angawa."

"Shuga amadziwa kudikira usiku? Bwanji osaphulika masana dzuwa likuswa mtengo?"

Mpaka lero chifukwa chake sindichidziwa. Masana mabotolowo ankangokhala duu ngati ali m'tchalitchi. Kukada, wina phwa. Ndinayamba kugona nyali ikuyaka, kolona ili m'manja. Ndinaimbira Rodel, iye n'kuseka kuchokera kunyanja kwakeko kuti nkhalambayo ikulawa mowa wake. Ine sindinaseke, chifukwa m'mawa wina ndinapeza botolo lili chilili pakwerero lapansi, losasweka, lotsekulidwa bwinobwino, mowa uli theka. Pambali pake panali kapu ya mwendo umodzi ija, thovu lisanaume.

Usiku wotsatira linaphulika lalikulu, matabwa mpaka kunjenjemera. Tala analira kulira kumene sindinakumvepo. Nditamufunyulula ndinamupeza alibe bala, koma pansalu yake, pafupi ndi khutu, panali patabaya kagalasi kakuthwa kotalika ngati chala, kamene kanadutsa pampata wa matabwa. Mantha a mzukwa anandithera pomwepo. Ndinamugoneka mwanayo pabedi, kutali, n'kutsika ndi nyali.

Mumdimamo, chapatali ndi mabotolo, panakhala munthu atafunda nsalu ya pawindo. Kenako munthuyo anatsokomola, ndipo chifuwacho ndinachizindikira.

"Aling Medyong?"

M'manja mwawo munali kapu ija.

"Usandiyang'ane choncho, Ning. Ndimafuna ndidziwe chimene chinandilanda mwamuna."

"Ndiye botolo lija munali inu?"

"Lija ndinali ine. Enawa ndi iyeyo." Anapukuta mphuno ndi nsaluyo. "Kale usiku wonse chigubu chake chinkangoti bubu, bubu, mowa ukuwira, ine n'kumatukwana kuti sindikugona. Tsopano nyumba yangoti zii mpaka m'makutu kuwawa. Botolo likaphulika ndimati eya, alipo."

Zoonadi, msewu wathu wasintha. Fungo la chimera silifikanso kwa ogulitsa mpunga, magetsi akazima palibe wothamanga, ndipo pawindo paja anthu amadutsa osayang'ana. Ndinawamvetsa mayiwo. Komabe ndinatsekula dzanja lawo n'kuikamo kagalasi kaja.

"Aka kanali pati?"

"Pansalu ya Tala. Pafupi ndi khutu."

Atakaona anaimirira n'kutembenukira kumdima wa pansi pa makwerero.

"Sebyo, wamva? Ukwiye usakwiye, tikusuntha. Ngati uli ndi mlandu ubwere kwa ine, chipinda ukuchidziwa. Mwana umusiye."

Palibe chinayankha. Ine ndinavala chisoti cha njinga yamoto cha malemuwo, iwo anatenga chivundikiro cha mphika waukulu ngati chishango. Tinafunditsa mabotolo bulangeti lonyowa n'kumanyamula limodzilimodzi, mwakachetechete ngati amonke enieni. Nsomba, zimene zinabwerera m'firiji maliro atatha, zinatulukanso kuti mabotolo alowe. Pamene tinkatseka chitseko chake, atambala anali atayamba.

Aling Medyong anakhala pansi n'kutenga kapu ija. M'katimo munali motsala pang'ono.

"Nanga wafika?" ndinafunsa. "Ndi wa ku Antwerp uja?"

"Ndingadziwe bwanji? Lilime limene linkadziwa tinalikwirira." Anamwa, natseka maso, nameza. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, koma kapukusidweko sikanali kawo, kanali ka Mang Sebyo.

"Watsala pang'ono."

Anatsekulanso firiji n'kutulutsa kabotolo ka yisiti kaja, n'kukayang'ana pa nyali.

"Abalewa sanadye chimwalirireni mwini wake. Kukacha ukandigulire shuga wakuda, Ning, ndipo ukauze anansi kuti nsomba zanga zikubweranso. Chimera chatsala thumba lonse. Ndifulula ndekha, ndipo iwe uzikhala pamakwerero pomwepo n'kumandiuza zimene unkaona. Nsaluyi ndivala. Koma zokhala chete, zimenezo aiwale."