Tsiku Limene Foni Inati Ndinatha

Chaka chimenecho chimanga changa chinatuluka chachikasu, mapesi ngati bango, koma mvula inagwa bwino. Chinandilakwira ndi pakamwa pangapa.

Ndiyambe ndi tchimo kuti mumvetse. Ndili mnyamata, akulu anga a Filimoni analembedwa ntchito ya kumigodi ku Joni. Ine anandikana, ati ndinali wamng'ono. Tsiku lonyamuka ndinapeza chitupa chawo chili pawindo. Ndinachitenga n'kukakwera lole. (Pazithunzi za masiku amenewo aliyense ankafanana ndi mbale wake.) Kuyambira pamenepo ndinakhala Filimoni kumgodi, Filimoni ku ukwati wanga ku Kasinje, Filimoni ngakhale kusukulu ya kwacha kumene ndinakaphunzira kugwira pensulo ndili ndi imvi. Mawu oyamba kulemba ndi dzanja langa anali dzina lakuba. Akulu anga anatsala akulima kachewere, ndipo sanandifunsepo kanthu. Kusafunsako n'kumene kunkandidya.

Zitupa za unzika zitabwera, zojambula zala ndi nkhope zija, ndinalembetsanso Filimoni. Patapita zaka, akulu anga anamwalira.

Chaka chotsatira tinapita kukagula feteleza wotsika mtengo. Makuponi anali atasiyidwa, ankangounika chitupa ndi foni. Tsiku loyamba tinabwerera chifukwa netiweki kunalibe (ena ankati yapita kumaliro). Tsiku lachiwiri ndinafika kutsogolo kwa mzere. Mayi wogulitsa anaunika chitupa changa, foni inalira. Anaunikanso, inaliranso.

"Agogo, a Filimoni ndi inu?"

"Ndi... ndi ine."

"Apatu zikuonetsa kuti munatha."

"Ndinatha?"

"Eya. Chaka chatha, mu Ogasiti."

Ogasiti ndi mwezi umene tinaika akulu anga. Mumtima ndinati abusa ndinawazemba, mkazi wanga ndinamuzemba, koma kafoni aka kawerenga zala zanga n'kuona zonse. Ndinavula chipewa, ndinagwada pafumbi.

"Mayi, muiuze foniyo kuti ikunena zoona. Filimoni anathadi. Ine ndine wakuba."

Ndinaulula zonse, mokweza: windo, lole, njinga ndi malata zimene ndinagula ndi dzina la eni. Mzere unasanduka bwalo. Bambo wina kumbuyo anati, "Madala, kulapa ndi Lamulungu, ifetu tikudikira feteleza."

Mayi uja anandilola ndimalize, kenaka anandiyandikizira chitupa kumaso. "Agogo, ndimanena chitupachi. Chinatha masiku. Onani timanambala iti."

Kusukulu ya kwacha sanatiphunzitse kuti pulasitiki imatha masiku ngati mankhwala.

Ndili chigwadire, ndinamva dzanja paphewa. Anali alamu anga a Nambewe, mkazi wa malemuwo, amene anali pamzere womwewo ine osawaona.

"Alamu, dzukani, mukudetsa thalauza."

"Alamu, mwamva zonse. Ndilangeni."

"Ndikulangireni chiyani? Achimwene anu mgodi ankauopa kuposa njoka. Chitupacho anachiika okha pawindo, n'kukabisala m'nkhokwe mpaka lole itapita. Afa akudandaula kuti anatumiza mwana kukafa m'malo mwawo. Akakuonani ankasowa poyang'ana."

Moyo wonse anthu awiri tinkapatsana moni titayang'ana pansi, aliyense akudziyesa wakuba.

Feteleza sanandigulitse. Anati ndipite ku boma ku Ntcheu akandipatse chitupa china, ndipo chitupacho chinatuluka chimanga chitamasula kale ngaiyaye. Alamu anandigawirako ndowa imodzi ya feteleza wawo, akuseka mpaka misozi. Ana a ku Kasinje mpaka lero amandiitana kuti a Munatha.

Ku boma kuja kalaliki anandifunsa dzina. Ndinaganiza pang'ono, poti mpata woyeretsa zonse unali umenewo. Kenaka ndinakumbukira munthu wamkulu atadzipinda m'nkhokwe.

"Filimoni," ndinatero. "Lembani bwinobwino. Anachita kundipatsa."