Nanga Amalume Tawauza?

Lolemba, 13 Okotobala

Kodi iwe ukanatani, utafunsira malo kuwiri, kumene ukufuna pang'ono n'kukuyankha msanga, kumene kuli mtima wako n'kungoti zii?

Ine ndili pamenepo, ine ndi chelo changa, chivayolini chachikulu chija choyimba utakhala pampando. Makampu awiri a nyimbo, onse a mu Januwale, masabata omwewo:

1. Ya konkuno ku Perth. YANDITENGA! Imelo yafika lero. Ndi yoyendera, m'mawa kukwera sitima pa siteshoni yathu ya Cannington, madzulo kubwerera kunyumba. Fomu ikufuna kholo lisayine pofika Lachisanu 5 koloko madzulo. Ukasayina walonjeza, basi.
2. Ya ku Melbourne. Yaikulu, yogonera konko, ana ochokera dziko lonse. Akuti ayankha "sabata ino". Sabata ili ndi masiku seveni, sananene liti.

Amayi ali kale ndi cholembera m'manja, yunifomu ya kuchipatala asanavule n'komwe. Ine kuwauza amayi kuti dikirani sinditha. Sindinayesepo chibadwire. Ndiye ndikungomva pakamwa panga pakutuluka mawu: "Nanga amalume tawauza?"

Amayi ayika cholembera pansi. Akuti, "Mwamumva mwanayu, bambo ake? Wakulira kuno koma mwambo sanataye." Adadi andiyang'ana nthawi yaitali, kenako abwerera ku mpira wawo.

Amalume ali ku Kasungu. Ndi achimwene awo a amayi, oyamba kubadwa, eni mbumba. Nkhani yaikulu ya ife ana a mlongo wawo imayenera kudutsa kwa iwo. Anapuma uphunzitsi, ndipo foni amayatsa akafuna.

Pulani yanga:
- amalume achedwe masiku atatu
- Melbourne iyankhe
- ine ndisankhe modekha ngati munthu wamkulu

Kani ndine wanzeru chonchi! Sindimadziwa.

Izi ndikulemba m'Chichewa dala. Tadala, mng'ono wanga, amamva zonse koma akati awerenge amagwa pa mzere woyamba.

Lachiwiri, 14 Okotobala

Melbourne: zii.

Ndalembera a kampu ya Perth kupempha kuti andiwonjezere masiku. Temu yatha aphunzitsi a Chingerezi anawerenga nkhani yanga pamaso pa kalasi yonse, ndiye pano kalata sindiziwopanso. Ndayamba ndi kuwafunsa moyo, ndawathokoza ndime ziwiri, pempho ndaliyika kumapeto mwaulemu. Yankho lawo ndi mizere iwiri: kalata yanga ndi yokongola, ndipo tsiku ndi lomwe lija, Lachisanu 5 koloko.

Ati YOKONGOLA!

Koma pali vuto pang'ono. Amalume ayankha ola lisanathe. Munthu amene moni wa Khirisimasi amabweza pa Isitala! Akuti alemekezedwa kwambiri, ndipo nkhani yotere siyothamangira. Atumiza mafunso, ochita kuyika manambala ngati mayeso:

1. Chelo n'chiyani?
2. Melbourne ndi kutali bwanji tikayerekeza ndi kuchoka ku Kasungu kukafika ku Nsanje?
3. Kumeneko kuli wachibale? Ngati kulibe, kuli Mmalawi? Wa mpingo wanji?
4. Anyamata azigona mbali iti?

Ndayankha onse bwinobwino. Abweza ndi mawu oti "Wakhoza", ndi kukonza malo awiri amene ndinayiwala kuyika kachizindikiro kopumira ka koma.

Lachitatu, 15 Okotobala

Melbourne: zii. Ndayang'ana ngakhale mmene mumagwera maimelo achabechabe. Muli za nsapato zokhazokha.

Amalume akuti sangagamule asanamve "ntchito imene tikumutumira mwanayu". Ndiye ndikangofika kuchokera kusukulu, vidiyo kolo. Kwawo ndi m'mawa, dzuwa phwee. Ndimayesa akhala okha. Pakhonde pali:
- amalume, atavala tayi
- akazi awo
- mkulu wa kwaya ya kutchalitchi kwawo
- bambo ena amene amangodutsa pa njinga

Ndayimba nyimbo yomwe ndinayimba pa odishoni, mayeso olowera ku makampu aja, ija ndakhala ndikulimbana nayo miyezi isanu. Ndamaliza. Onse ayang'anizana. Kenako amalume: "Chikulira bwino ndithu, Nabanda. Tsopano yamba nyimboyo."

Ndinafuna kulowa pansi pa kapeti.

Ndiye ndayimba ya m'buku la kutchalitchi. Mzere woyamba usanathe, khonde lonse lalowa, mawu anayi, bambo a njinga aja besi! Netiweki ikuwachedwetsa, ndiye akubwera m'mbuyo mwanga ngati akundithamangitsa. Amayi ayima pakhomo la kukhitchini akuyimba nawo, maso ofiira.

Pa odishoni ndinali ndi mantha. Lero ayi. Ndi pang'ono pomwe!

Chigamulo: "Tamva. Tikhale pansi kaye."

Akhale pansi ndani? Madzulo ndapeza andiyika mu gulupu yatsopano ya pafoni. Dzina lake: Nkhani ya Nabanda. Theka la anthu ake sindikuwadziwa.

Lachinayi, 16 Okotobala

Melbourne. Sindilembanso mawu aja, ukuwadziwa.

Ku leseni, aphunzitsi anga a chelo, Mayi Hollis, andinong'oneza zinthu ziwiri. Choyamba: a Perth akufuna andiyike pa mpando woyamba wa machelo. INE! Wotsogolera! Amene sinditha ngakhale kuyitanitsa tchipisi osabwereza kaye mawu mumtima. Chachiwiri: pali ana ena pa mzere akudikira malo angawo, 5 koloko ikangodutsa apatsa wina. Akutinso oyimba ndi anthu ochepa, amadziwana, ndipo ukalonjeza n'kuthawa amakumbuka.

M'sitima ndaganiza, ndaganiza. Nanga Melbourne ikakana? Ndiye kuti Januwale yense ndili pa sofa ndi Tadala. Ndasintha maganizo. Tisayine ya Perth.

Ndawauza amayi chapansipansi. Akuti, "Amalume ako asanalankhule? Si ndiwe unatikumbutsa?" Awuza kale amayi onse a kutchalitchi kuti mwana wawo ndi wamwambo. Ena ayamba kundipereka ngati chitsanzo kwa ana awo. Chikondi wa ku Sande sukulu wanditumizira uthenga woti "zikomo kwambiri, watipweteketsa".

Ndapita kwa adadi, akumanga nsapato za ku shifiti ya kuntchito kwawo ku Kwinana. Akuti, "Ine ndine mkamwini, mayi. Pa nkhani za kwa amako ine ntchito yanga ndi kunyamula mipando." Akuseka. Ndikuganiza kuti akudziwa.

Za mu gulupu lero:
- azakhali a ku Area 25: apite ku Melbourne, akwere ndege, azolowere
- msuweni wa ku Joni: bwanji osangophunzira unesi
- munthu wina wosadziwika: chithunzi cha maluwa, "Mmawa wabwino"
- mkulu wa kwaya: mwanayo ali ndi mphatso koma amakoka nyimbo

Sindikoka! Ndi netiweki!

Lachisanu, 17 Okotobala

3:40. Voyisi noti ya amalume yafika! Mphindi 14. Ndamvera nditayima pa siteshoni, chelo kumsana.
- moni kwa aliyense, potchula mayina: mphindi zitatu
- pemphero
- mbiri ya agogo aamuna, amene ankayimba lipenga pa maukwati mpaka mano anatha
- kutentha kwa ku Kasungu chaka chino
- "Tsono Nabanda, titakhala pansi n'kuganiza mofatsa, ife tonse tagwirizana kuti"

Yathera pomwepo. POMWEPO.

4:05. Ndayimba. Nambala sikupezeka.
4:10. Akazi awo: magetsi azima kuyambira dzulo, amalume atenga foni apita kukatchaja kumsika. Chigamulo akuchidziwa, koma si iwo oyenera kunena.
4:35. Amayi afika kuchokera kuchipatala ku Nedlands. Amvera voyisi noti yonse, kuyambira pa moni. Pa pemphero atsinzina.
4:49. Akuti, "Basi tidikire."

Ndiye ndayimirira pakati pa khitchini. Ndanena zonse, m'Chichewa, mokweza: kuti za amalume zija ndinanena n'cholinga choti asasayine msanga, kuti ndimadikira Melbourne, kuti pano ndikufuna Perth ndipo ndasankha ndekha.

Amayi andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye wasonkhanitsa Kasungu yense, achimwene mpaka kuvala tayi, kuti iwe upeze masiku atatu?"

"Eya, amayi."

4:54. Asayina. Cholembera chachita kuboola pepala. 4:57 ndajambula, ndatumiza. 4:58 yankho: alandira, akundiyembekezera.

Amayi sakundilankhula. Koma ndawamva kuchipinda akuwauza adadi pa foni, "Mwana wanu uja amatha kuyankhula, mukudziwa?"

Loweruka, 18 Okotobala

8:10 m'mawa. Melbourne.

ANDITENGA.

Apepesa chifukwa chochedwa. Ndawerenga kasanu. Ndadzitsekera kubafa, ndalira, kenako ndaseka, kenako ndaliranso. Tadala akugogoda, akufunsa m'Chingerezi ngati ndikumwalira chifukwa akufuna kutsuka mano.

Maola 15 okha! Akanangotumiza dzulo masana!

Amayi ayambanso kundilankhula. Afunsa, "Ukufuna ndiwayimbire a Perth, tinene kuti talakwitsa?" Anenadi zoona, foni ili m'manja. M'mutu muli holo yaikulu ija ndinayiwona pa zithunzi. Mulinso dzina langa pa fomu ya dzulo, pansi pa mawu oti ndikulonjeza. Palibe anandikakamiza. Ndinachita kuyimirira.

Ndati ayi, asayimbe.

Kalata yokana Melbourne ndalemba ndekha. Mizere inayi. Sindinafunse za moyo wa aliyense. Ndathokoza, ndakana, ndati chaka chamawa ndiyesanso. Kwinakwake kuli mwana amene wakhala akuyang'ana imelo sabata yonse ngati ine, ndiye Lolemba akampatsa malo angawo akuwa ndi chimwemwe.

Adadi apulinta kalata yonditenga ija ayimata pa filiji. Ndawauza kuti sindikupitako. Akuti, "Ndikudziwa. Koma anakutenga."

Lamulungu, 19 Okotobala

Magetsi ayaka ku Kasungu.

Voyisi noti yachiwiri yafika tikutuluka m'tchalitchi. Masekondi 20: "Upite ku Melbourne, Nabanda, usaope. Tapezanso wokuyang'anira, mwana wa mlamu wawo wa mkulu wa kwaya uja. Ali ku Adelaide, azikudutsira madzulo."

Adelaide ndi Melbourne ndi ulendo wa maola eyiti pa galimoto! Mu gulupu muli nthungululu zokhazokha. Alengeza kale kutchalitchi kwawo. Azakhali a ku Area 25 akufunsa saizi ya jekete, amva kuti kumazizira.

Ndiye zinthu zili chonchi:
- makampu onse awiri ananditenga
- ndikupita ku yapafupi, pa sitima, ndi sangweji m'chikwama
- mpando woyamba ndi wanga
- Kasungu yense akudziwa zosiyana

Palibe chimene chayenda monga ndinakonzera. Chabwino. Januwale ndizikhala kutsogolo, ndizipereka chizindikiro choyambira ndi mutu, ana asanu ndi awiri akuyang'ana ine. Ndayeserera kale pagalasi. Ndikuwoneka ngati nkhuku ikumwa madzi, koma nthawi ilipo.

Ndapempha amayi kuti awafotokozere amalume iwowo, poti ndi achimwene awo. Akana. Ndati ndilembe kalata, ndimalemba bwino. Akananso. Akuti amene anayitana msonkhano ndi amene amautseka, ndipo ndi pakamwa.

Ndiyime kaye pano. Foni ikulira pabalaza, amayi akuti ndi vidiyo, amalume avalanso tayi ndipo pakhonde anthu achuluka kuposa Lachitatu.