Getsi Lomwe Linadwalitsa Mwana Wanga

Kodi getsi lopanda babu amalisintha bwanji? Ndinafunsa mkazi wanga Yesenia, ndinafunsa a Hilario oyandikana nawo nyumba, ndinafunsanso kondakitala wa minibasi ya ku Comas, yemwe amadziwa zonse kuyambira mpira mpaka ndale. Onse anangoyang'ana kumwamba, ngakhale kondakitalayo amene analibe siling'i yoti ayang'ane.

Khalani bwino achimwene, basiyo sibwera msanga.

Ife timakhala pamwamba pa nyumba ya apongozi anga, mayi Eufemia. Pabalaza pathu mlamu wanga anaikapo getsi lija lokwiririka mu siling'i, lophwatalala ngati mbale, kenako n'kupita kukagwira ntchito ku Chile. Zenera lilipo, koma chimangireni a Hilario chipinda china, limayang'ana njerwa, ndiye getsi limayaka ndi masana omwe. Getsilo linayamba kuphethira, kenako linazimiratu, mwezi womwe mwana wathu Maricielo anayamba kukwawa. Inetu mwana akatsokomola kamodzi ndimakhala nditavala kale nsapato. Ndiye kumuona akukwawa mumdima, momwe muli ngodya za tebulo ndi mabatani otayika, mtima sunakhale m'malo.

Poopa kugwidwa ndi magetsi ndinazimitsa nyumba yonse, ndi pansi pomwe, apongozi ali mkati moonera sewero lawo pa kanema. Anakwera masitepe kudzafunsa ngati kwagwa maliro. Ine ndinali kale pampando, Yesenia ataugwira. Ndinayesa kupotoza getsilo ngati babu, koma linangondithira fumbi m'maso. Ndiye ndinalikoka. Inu, kuseri kwake kuli masipuling'i awiri ngati msampha wa makoswe, ndipo anali kudikira chala changa chiyambire kumangidwa nyumbayo. Ndinatulutsa mawu oti Yesenia anathamangira kukatseka makutu a mwana, n'kusiya mpando. Ndinatsika ndi getsi m'manja, koma osati ndi miyendo.

Kuhadiweya anandiuza kuti limasinthidwa lonse, n'kundifunsa ngati ndikufuna loyera kapena lachikasu. Ndinati lachikasu ndi la anthu opanda ana, ine ndikufuna loti ndiziona ngakhale njere ya mpunga pansi. Anandipatsa loyera kwambiri m'sitolo monse. Ndinalumikiza mawaya, sipuling'i inaluma chala china, koma nditayatsa pabalaza panawala ngati mubutchala. Ndinaima pakati manja ali m'chiuno, kudikira kuti wina andiyamike.

Yesenia anabwera ndi mwana atangodzuka kumene. Ndinamuyang'ana mwanayo. Nkhope inali mbuu, milomo yabuluu, timitsempha tonse tikuoneka pachipumi. Sindinafunse munthu. Tinakwera kanjinga kamoto ka matayala atatu, ine ndikuuza woyendetsa kuti athamange komanso kuti ayende pang'onopang'ono chifukwa muli mwana.

Kuchipatala namwino anamuyeza kutentha, anamumvetsera pachifuwa, mwana masaya ali psuu akulimbana ndi cholembera chake.

"Bambo, mwanayu ali bwino," anatero. "Amene akufunika kukhala pansi ndi inuyo. Zalazo zatani?"

Tinabwerera kunyumba ndi manyazi. Titangolowa pabalaza, mwana uja mbuu ngati poyamba.

Apongozi anamuyang'ana kamodzi n'kupukusa mutu. Anati mwanayo wadzidzimuka poona bambo ake akugwa ngati thumba la mbatata, ndipo matenda a mantha achipatala sawaona. Anamutengera kukhitchini, anatenga dzira laiwisi, n'kumusisita nalo kuyambira kumutu mpaka kumapazi uku akupemphera. Analiswera m'tambula ya madzi n'kutionetsa thovu ndi timaulusi toyera, umboni wa zomwe zatuluka m'thupi. Nditayang'ana mwana, magazi anali atabwerera kumaso. Ndinatsala pang'ono kuwagwadira mayiwo.

Ndiye ndinatuluka kukatenga bulangeti. Yesenia anali ataima pakati pa balaza, ndipo nkhope yake inali ya munthu woti ansembe aitanidwe. Ndinayang'ana dzanja langa, chimodzimodzi. Ngakhale nthochi za patebulo zinkaoneka kuti zatsala pang'ono kutisiya. Ndinayang'ana kumwamba, kenako kukhitchini, komwe kuli babu yakale yachikasu.

Ndinawafotokozera apongozi mwaulemu wonse, mpaka kuwaonetsa nthochi, pabalaza ndi kukhitchini.

"Wilmer mwana wanga," anatero, "zala zako zomwe zakukanika kusamala, ndiye undiphunzitse za ana? Nthochiyo ndinaisisita ndi dzira ine?"

Ndinati ayi. Anati ndiye ndisiye kuifanizira ndi mdzukulu wawo.

Mbiri inamveka msewu wonse. Tsopano amayi amakwera masitepe athu ndi ana kumanja. Apongozi amawayeza pabalaza pathu, poti ndi pomwe matenda amaonekera bwino, n'kukawachiritsa kukhitchini. Palibe amene anapezekapo ali bwino, palibenso amene anabwerera osachira. A Hilario anangobwera kudzabwereka hamala, anatuluka atasisitidwa dzira mpaka m'khwapa, akuthokoza kuti awapeza nthawi yabwino. Dzira lokazinga m'nyumba mwathu tinaliiwala.

Inu mukuseka, koma ine ndimaganiza za tsiku lomwe Maricielo adzadwale zenizeni. Ndidzadziwa bwanji? Pabalaza amaoneka wodwala tsiku lililonse, moti tinazolowera. Panopa ndikafuna kuona nkhope yake ndimatsika naye kumsewu, anthu n'kumati ndine bambo wokonda mwana.

Getsi lachikasu ndinagula, lili pansi pa bedi. Tsiku lina apongozi anandipeza phazi limodzi lili pampando, n'kundifunsa modekha ngati ndapeza kale nyumba ina yokhala. Yesenia akuti iye salowerera, mayi ake sanasangalalepo chonchi chimwalirireni bambo ake.

Ndiye achimwene, ovolosi mwavalayo ikukukhalani bwino, ndipo apongozi anga sakudziwani. Loweruka m'mawa mubwere kwathu muli chomwecho, mutanyamula kabokosi ka zida. Mudzangoyang'ana siling'i, kupukusa mutu, n'kunena kuti getsilo lichoke lero lomwe lisanawotche nyumba. Kukwera pampando ndikwera ndekha. Koma akakuuzani kuti mukuoneka otuwa, chonde musatsutse, mungolola dziralo.