Rediyeta ya Kuchipinda kwa Apongozi

Lolemba
Apongozi, mayi ake a mkazi wanga, akufika kuno ku Tottenham Lamlungu. Ali ndi nyamakazi, ndipo chisanu cha London sanachilawepo. Tawakonzera chipinda chakumapeto, kutali ndi ine mkamwini, monga mwambo ufunira. Koma rediyeta yakumeneko, chitsulo chofunditsa chipinda, zii, ngati mwala! Mkazi wanga popita kuntchito: "Mayi akadwala chifukwa cha heating, mundiona."

Lachiwiri
Ndagwada kuunguza. Rediyeta iliyonse ili ndi mapaipi awiri. Phiri, mnzanga wakuntchito, akuti ina imabweretsa madzi otentha kuchokera ku boyila, inayo imawabweza akazizira. Kubweza? Ine ndinakulira ku Ndirande. Madzi akabwera pampopi timasunga, sitibweza.

Lachitatu
Ndatseka paipi yobweza ya kwa apongozi ndi sipanala, kuti kutentha kukalowa kusatulukenso. Kenaka ndati, bwanji nyumba yonse? Ndatseka zonse. Azungu sanaganizepo zimenezi!

Lachinayi
Nyumba yonse yazizira. Boyila ikungolira gu! gu! gu! Kukhitchini, komwe ili, ndikulowa monyang'ama, kutuluka chothamanga. Zomwe ndikuopa: kuphulika, landilodi, mkazi wanga, apongozi. Makamaka apongozi.

Lachisanu
Phiri waseka pafoni mpaka kutsokomola. "Achimwene, madzi akale akapanda kutuluka, otentha alowera pati? Madziwo amayenera kuzungulira!" Akuti rediyeta zapafupi ndi boyila nditsegule pang'ono, yakutaliyo kwambiri, kuti zapafupi zisamalize madzi zokha. Ndatsegula monga wanenera. Zonse zafunda. Yotsala ya apongozi. Ndakoka mwamphamvu, kampopi kotsegulira paipi thyo! Kathyokera m'manja mwanga, chitsekere.

Loweruka
Pulambala: "Monday, mate." Ndamufotokozera za nyamakazi, za mwambo, za ukwati wanga. "Monday." Mkazi wanga sanakalipe, ndipo ndi zimene zikundiopsa kwambiri. Wangoyala matiresi pabalaza, pafupi ndi rediyeta. "Ku bedroom kwathu sangalowe, mukudziwa. Agona apa."
Njira yakuchimbudzi imadutsa pomwepo.

Lamlungu
Afika. Ndawapatsa moni chapatali, maso pansi, n'kuthawira kuchipinda. Agona pabalaza, miyendo atatambasula mpaka pakhomo lachimbudzi. Ndikuwamva akuuza mwana wawo: "Nyumba njofunda iyi. Bambo akuno ngodziwa zinthu, ndiponso ngaulemu, saonekaoneka."
Nyamakazi sinawagwire, Mulungu ngwabwino. Ine tiyi ndasiya, madzi ndasiya. Ndakhala pabedi nditapanikiza miyendo, kudikira pulambala.