Sabata Imene Ndinaletsa Esnati Kugwada

Lolemba

Zavuta. Mayi Makwinja, eni sukulu yathu ya taipi ndi ntchito za mu ofesi kuseri kwa msika wa Zingwangwa, andiitana m'mawa ndisanavule n'komwe chipewa. Akuti sitolo ina ya hadiweya ku Limbe ikufuna kalaliki mmodzi, ndipo yalola kuona ophunzira athu awiri Loweruka lino. Mmodzi akalembedwa, kalasi yanga ipitirira. Akalephera onse, chipinda changa achipereka kwa mlamu wawo kuti aikemo vidiyo. "Vidiyo siilephera mayeso, aphunzitsi," atero akuseka. Ine sindikuseka ayi.

Chiyambire matipate aliyense akutsegula sukulu, koma wotsegula ntchito sindinamuone. Ndikachoka pano ndilowera kuti?

Chinsinsi, ndipo chitsale m'kope muno: ine intaviyu sindinaionepo chibadwire. Ntchito ino ndinaipeza pamaliro. Ndinawerenga mbiri ya malemu m'Chingerezi osakakamira, Mayi Makwinja n'kundiitanira pambali anthu asanabalalike. Koma buku ndili nalo, lakale, lopanda chikuto, ndinagula kwa mavenda m'tauni. Muli chithunzi cha mzungu wa tayi akumwetulira kuseri kwa tebulo lalikulu. Munthu womwetulira chonchi sanganame.

Ndasankha awiri:

1. Esnati wa ku Manje. Amataipa osayang'ana zala, makina kuchita kulira ngati mvula pamalata. Ndi woyamba kubadwa pa ana asanu ndi awiri, bambo ake anawachotsa ntchito ku fakitale chaka chatha. Amabwera wapansi tsiku ndi tsiku ndipo sanachedwepo.
2. Fulanki wa ku Ndirande. Taipi ndi ya chala chimodzi, koma pakamwa ndi wailesi. Komanso ali ndi jekete.

Pulani ya sabata ndailemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu:

- Gogoda.
- Lowa chilili, mutu m'mwamba.
- Gwira dzanja la bwana mwamphamvu.
- Muyang'ane m'maso, usaphethire.
- Dziyamikire wekha.

Zinthu zisanu, masiku asanu. Ngakhale mbuzi ikhoza kuphunzira!

Lachiwiri

Za mbuzi zija ndabweza.

Poyamba penipeni, kalasi ilibe chitseko. Akuba anachizula nthawi ya mvula, pakhomo tinangopachika chitenje. Ndiye agogoda pati? Ndati agogode pafelemu. Fulanki wagogoda, dothi la chiswe lamugwera m'jekete. Esnati waima kuseri kwa chitenje n'kuti "Odi!" ndi timawu ta munthu wodzapempha mchere. Ndati ku ofesi kulibe odi, yambiranso. Wayambiranso. "Odi!" Kasanu konse.

Atalowa, wagwada. Pasimenti, pafupi ndi tebulo langa, manja pamodzi, maso pa nsapato zanga. Nsapatozo ndi zong'ambika, ndipo tsopano akudziwa. Ndati dzuka. Wadzuka. Ndamufunsa dzina, wagwadanso kuti ayankhe. Maondo a mtsikana ameneyu ali ndi nzeru zawozawo!

Funso loyamba la m'buku: tiuze za iwe mwini. Esnati: "Palibe chimene ndinganene, bwana, ndine munthu wamba." Ndati tchula zimene umatha. "Ena amatha kuposa ine." Ena ati? M'kalasi muno palibe amene amamufika ngakhale theka!

Fulanki, funso lomwelo, mphindi khumi ndi ziwiri. Wayambira kwa agogo ake amene anachoka ku Mozambiki atasenza mphasa, wadutsa nawo ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo belu lalira bambo ake asanabadwe.

Titabwerera m'kalasi ndamufunsa zofooka zake. Buku likuti munthu atchule kamodzi kakang'ono, kosaopsa. Iye waulula:

- kachasu Loweruka
- bawo
- kugona masana
- "ndi mkazi wa eni ake, koma ameneyo ndinasiya"

Kalasi yonse m'manja. Mutu ukundiwawa mbali imodzi yokha.

Lachitatu

Lero ndi tsiku la maso ndi dzanja. Ndawaimika awiriawiri kuti ayang'anane mphindi imodzi. Awiri aphulika kuseka. Awiri atsala pang'ono kumenyana: "Akundiyang'ana ngati ndinamubera!" Awiri ena ndikukayikira kuti chibwenzi chayambika. Esnati ndamuuza ayang'ane ine. Masekondi atatu okha, misozi mbwe. "Aphunzitsi, ndikumva ngati ndikukutukwanani." Ndamuuza kuti dziko lasintha, kuli demokalase, maso ndi ufulu wake wachibadwidwe. Wati chabwino, akuyang'ana pansi.

Dzanja. Fulanki wandifinya mpaka choko chikundikanika kugwira. Esnati akupereka lamanja, lamanzere litagwira chigongono, bondo likupindika lokha. Ndati lamanzere likhale kumbuyo. Lakhala kumbuyo, bondo likupindikabe. Anzake amumangirira rula kuseri kwa bondo ndi mpango. Rula yathyoka. Inali imodzi yomweyo sukulu yonse.

Ndili pakati pophunzitsa, mlamu wa Mayi Makwinja walowa osaodira n'komwe, ali ndi chingwe, akuyeza mawindo anga. Akuti akungofuna kudziwa kukula kwa nsalu yakuda. Wawerenganso mabenchi. Wafunsa ngati soketi ya pakona imagwira ntchito, ndipo ine, chitsiru, ndamuyankha kuti imagwira.

Ndapatsa Esnati homuweki: akayeserere zonsezi kunyumba.

Kwatsala masiku awiri. Mantha ndili nawo, sindibisa.

Lachinayi

Anandituma ndani kupereka homuweki?

Bambo a Esnati ali pakhomo pa sukulu seveni isanakwane. Ayenda kuchokera ku Manje, nsapato fumbi lokhalokha. Akuti dzulo pochokera kofuna ganyu, mwana wawo anawalandira chilili, anawagwira dzanja ngati mnzawo wa kumowa, n'kuwayang'ana m'maso mpaka woyang'ana pansi anali iwo. Amayi ake anathamangira kwa abusa poganiza kuti ndi ziwanda. "Aphunzitsi, ine ndinatumiza mwana kuti adziwe taipi, osati mwano."

Ndawaonetsa buku. Ndawaonetsa mzungu wa tayi. Ndawauza kuti mabwana a masiku ano amafuna zimenezi, ndipo wogwada ntchito saiona. Atembenuza chipewa m'manja. Kenako: "Ngati ndi za ntchito, apitirize. Kunyumba kuja tonse tikudikira iyeyo." Bola akanandikalipira, zikanandipepukira.

Masana ndabweretsa bwana wobwereka kuti ana asamangozolowera nkhope yanga: a Likoswe, aneba anga, amene anagwira umesenjala ku ofesi ina m'tauni mpaka kupuma. Akuti maintaviyu anawaona ambirimbiri polowetsa tiyi. Ndawapatsa mpando wanga ndi tayi yanga. Kulakwa! Munthu watumidwa moyo wake wonse, lero wapeza mpando. Zimene achita:

- atuma Fulanki kukagula zitumbuwa kumsika, n'kudya okha
- ayankha telefoni yosaoneka kawiri, Esnati ali chiimire
- afunsa aliyense kuti "Kwanu n'kuti? Amalume ako ndani?", mafunso amene m'buku mulibe
- andichotsa ntchito ine, pamaso pa ana, chifukwa cholowa osagogoda

Potuluka andinong'oneza kuti kamtsikanako n'kaulemu, ndisakawononge. Mesenjala akudziwa chiyani? Tayi sanabweze.

Lachisanu

Zatheka! Zatheka ndithu!

Esnati wagogoda pafelemu katatu. Odi palibe. Walowa chilili ngati wapolisi, wanditambasulira dzanja, wafinya, maso ali tong'o m'maso mwanga. "Dzina langa ndi Esnati, ndimataipa kuposa aliyense m'kalasi muno, ndipo mukandisiya mwataya." Thukuta pamphumi, koma bondo silinapindike ngakhale pang'ono. Atsikana nthungululu mpaka amayi ogulitsa tomato asuzumira pawindo. Ine misozi yalengeza, ndanamizira fumbi la choko.

Fulanki nayenso wayesetsa. Mbiri waifupikitsa, tsopano akuyambira ku Thyolo.

Chondisokoneza n'chimodzi chokha. Saidi, wophunzira wofatsa amene amakhala benchi ya kumbuyo, wakweza dzanja asananyamuke kupita ku mzikiti. Akuti eni sitolo ya ku Limbe ija amawadziwa, ndi Che Bwanali, amapemphera limodzi ndi bambo ake, ndi munthu wachikulire, "ndiye aphunzitsi, za dzanjazi, makamaka kwa mtsikana, mwina..." Ndamudula. Ndamufunsa ngati iyeyo analembapo buku. Wati ayi. Ndati basi, pita ukapemphere.

Mayi Makwinja abwereka Esnati nsapato zawo zazitali zidendene. Akuti m'nsapato zimenezo ngakhale atafuna kugwada sangathe. Kwa nthawi yoyamba ine ndi iwo tagwirizana chinthu.

Mayi a kunyumba akusita shati yanga yoyera. "Inu mukukatani kumeneko, intaviyu ndi yanu?" Ndikungoperekeza ana. Mlamu uja nsalu yake yakuda akasokere makabudula!

Loweruka

Sindikudziwa poyambira.

Minibasi ya ku Limbe, anayi pampando, jekete ya Fulanki yafika itakwinyika. Ofesi ya tebulo lalikulu kulibe. Kuli matumba a simenti, malata, fungo la penti, ndipo kuseri kuli kachipinda kopanda chitseko. Pakhomo pake chitenje! M'katimo Che Bwanali, ndevu zoyera, mkanjo, kachipewa koyera, mikanda ya pemphero m'manja. Ine ndaima kunja kwa chitenjecho, ndikumva zonse ndi kuonera pampata.

Fulanki. Posowa pogogoda wamenya lata mpaka mlonda wabwera chothamanga. Wafinya dzanja la mkulu uja, mikanda yagwa pansi. Wakhala asanauzidwe. Thyolo. Amutulutsa mbiri ija isanafike n'komwe pa Bvumbwe.

Esnati. Mulungu andikhululukire, wachita zonse bwinobwino. Chilili. Maso tong'o. Dzanja kutsogolo. Che Bwanali ayang'ana dzanjalo, aika lawo pachifuwa, la Esnati latsala m'malere. Iye, pokumbukira kuti ndinati usabwerere m'mbuyo, walisiya pomwepo n'kunena mawu ake onse aja, mpaka "mukandisiya mwataya." Mkuluyo mofatsa: "Mwana iwe, kwanu kulibe akuluakulu?" Makina a taipi ali pomwepo patebulo, koma sanamuuze n'komwe kuti awakhudze.

Watuluka osalira. "Ndalakwitsa pati, aphunzitsi?"

Ndalowa kuti ndikafotokoze kuti wolakwa ndine. Mmene zachitikira sindikudziwa. Pakamwa panga patuluka "Odi!" Chipewa chapezeka m'manja. Ndapezeka ndanyonyomala pafupi ndi thumba la simenti, maso pansi, manja ndikuomba pang'onopang'ono. Ndati ndine mphunzitsi wachabechabe, mtsikanayo ndi waulemu kuposa ana onse a ku Manje, mwano umenewu ndamuphunzitsa ndine kuchokera m'buku, chonde amuonenso. Andifunsa kwathu. Andifunsa amalume anga. A Likoswe inu!

Kenako: "Munthu wodziwa kupepesa ndi amene ndikumufuna pa makasitomala anga. Taipi mumatha?" Ndati pang'ono chabe, ena amatha kuposa ine. Amwetulira. "Muyambe Lolemba."

Ndatchulanso Esnati kawiri. Akuti malo ndi amodzi, ndipo mwana amene wayamba kuyang'ana akulu m'maso sasiya.

Sindinavomere. Sindinakanenso. Chitenje sichibisa mawu, ana onse awiri amva. M'minibasi pobwerera ngakhale Fulanki wangoyang'ana pawindo.

Lamulungu

Nsalu yakuda yapachikidwa kale m'mawindo. Ndadutsako m'mawa. Mabenchi anga awatembenuzira kukhoma la soketi, ndipo pabolodi, m'munsi mwa "Dziyamikire wekha", alembapo nthawi za mafilimu a karate. Mayi Makwinja akuti pangano linali la wophunzira, osati mphunzitsi. Sakunama.

Ndiye mawa ndipita ku Limbe. Ndikhoza kudzinamiza kuti ndikuganizabe, koma shati yasitidwanso, ndipo ana anga atatu sangadye manyazi anga. Mayi a kunyumba akuimba za kwaya chiyambire m'mawa. Buku lija ayatsira mbaula. Mzungu wa tayi wapsa akumwetulira.

Titaweruka ku tchalitchi ndakwera ku Manje wapansi kuti ndikalankhule ndi bambo a Esnati. Phiri lake ndi limeneli mtsikanayu amatsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku? Ndapuma kawiri. Zokanena ndakonza njira yonse:

- pepani
- ndidzamufunira kwina
- pepani

Bambo ake kulibe, apita kofuna ganyu, Lamulungu lomwe. Ndapeza Esnati pakhonde akupukuta nsapato za Mayi Makwinja kuti akabweze, azing'ono ake atamuzungulira. Ndati odi. Waimirira. Chilili, mutu m'mwamba, bondo gwa. Wandiyang'ana m'maso osaphethira, ndendende mmene ndinamuphunzitsira.

Ndapirira masekondi atatu. Kenako ndayang'ana pansi. Nsapato zanga zikadali zong'ambika.