Kabolelo ka Esinati

Lolemba

Ulusi wa thonje ndagula kwa mmwenye, woyera mbee! Ntchito yayamba.

Lamulungu likubwerali akulengeza ukwati wa Esinati, mng'ono wanga, kutchalitchi ku Lirangwe. Amayi a mnyamatayo akubwera kuchokera ku Limbe kudzamuona koyamba. Anthu ovala nsapato amenewo! Tsono Esinati delesi labwino ali nalo limodzi, labuluu, ndipo paphewa lakumanzere pali chigamba. Chimwalirireni amayi mwanayu ndamulera ndine. Sindingalole akaime pamaso pa apongozi ake chigamba chili poyera.

Mankhwala ake ndawaona kubwalo la ndege. Dona wina wotsika ndege ya ku Halale anavala kajekete kakafupi, kolekeza m'nthiti, kopanda mabatani, tizibowo paliponse ngati ukonde. Bambo a kunyumba, omwe amanyamula katundu pabwalopo, akuti amakatcha bolelo. Ndinakayang'anitsitsa nditakangamira kumpanda. Sikovuta. Theka lake ndi mabowo, ndipo bowo saluka!

Zolukira: masipoko awiri a njinga, ndanola pamwala.
Luso: ndinalukapo kachipewa ka mwana kumishoni.
Masiku: asanu ndi limodzi. Ambiri zedi!

Lachiwiri

Awiri, bowo, awiri, bowo. Kukoma kwake! Ndili pamzere wachisanu, ndege ikulira. Ndataya zonse, liwiro kukaiona, ngati kuti sindinakhale pa Chileka pano zaka zinayi. Pobwera ndaiwala. Ndinali pa awiri kapena pa bowo? Ndamasula, ndayambanso.

Bambo ali pansi pa mtengo wa mango ndi anzawo, nkhani ndi ya Chitaganya yokhayokha, zotiphatikiza ndi dziko la ku Halale zija. "Mayi, mukumva zomwe akutichita azunguwa?" Ndikumva, koma ndikayankha ndisokoneza. Ndayankha. Ndasokoneza.

Lachitatu

Msana wonse watha! Ndausiya pampando, ndapita kudambo kukatunga madzi ndikuimba.

Pobwera ndapeza azakhali anga, a nyumba yoyandikana nafe, atakhala pakhonde, singano kumanja, nkhope ili mwee. "Mwanawe, mabowo anali mbwee m'chinthu chakochi. Ndakutsekera onse. Usachite kuthokoza."

Onse! Ndipo kusoka kwa azakhali si kwamasewera, asoka ngati thumba lopita ku Joni. Ndawauza kuti mabowowo ndi adala. "Adala? Chovala chobowoka dala? Kodi azunguwa asauka chomwechi?"

Ndagwada, ndathokoza, ndalowa m'nyumba, ndalira pang'ono. Masana onse ndakhala ndikutsekula mabowo limodzilimodzi. Mkazi wamkulu ine, kutaya tsiku lathunthu kubowola chovala!

Lachinayi

Kutsogolo kwatha mbali zonse, ndalumikiza. Ndakakweza padzuwa kuti ndidzitame, ndaona mizere yofiira. Dzimbiri la masipoko! Palinso zala zanga zisanu, zooneka bwinobwino, za tsiku lija ndinasenda mbatata.

Ndachapa ndi sopo, ndayanika pachingwe. Palibe anandiuza kuti thonje likanyowa limalemera. Kakoka, kakoka, mpaka mbali imodzi yafika m'chiuno. Inayo ikadali m'nthiti monga mwa dona.

Bambo akayang'ana nthawi yaitali. "Kokongola. Ndi kogwirira matemba?" Lero adya okha.

Lachisanu

Manja. Lakumanja latuluka bwino, ine ndemwe ndikudabwa. Lakumanzere ndafika pakati, ulusi thee! Kwa mmwenye woyera watha, watsala wachikasu ngati dzungu.

Ndamasula mbali yaitali ija kuti ndipeze ulusi. Tsopano mbali yaitali ndiyo yaifupi. Ndamasulako dzanja lakumanja kuti lifanane ndi linzake. Tsopano lakumanzere ndilo lalitali. Ndaleka, ndisanamasule chonse n'kutsala ndi mpira wa ulusi ngati Lolemba.

Zala: zatupa.
Maso: ndikatsinzina ndikuona mabowo.
Mtima: ukadalipo. Bola chigamba chibisike, zinazi Mulungu adziwa.

Loweruka

Ku Lirangwe. Ine pakaliyala ya njinga ya bambo, azakhali pa lole ya chimanga. Esinati wavala delesi lake, ndamuveka kabolelo, ndabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino.

Mayo ine! Chigamba chikusuzumira pamabowo! Chonse, ndi ulusi wake womwe. Sabata yathunthu ndikuluka chobisira chigamba, ndaluka mazenera oonera chigamba. Mutu wangawu unali kuti?

Esinati akuzungulirazungulira. "Achemwali, kakongola zedi. Palibe anavalapo kotere kuno." Apo sakunama. Mwana wabwino, ndikumva chisoni.

Azakhali angotulutsa singano pa duku lawo, andipatsa. Ndakhala pamphasa, ndatseka ndekha mabowo onse a phewa lakumanzere, iwo akundiyang'anira. "Limbitsa pamenepo." Ndalimbitsa.

Lamulungu

Alengeza. Esinati waimirira, phewa limodzi mabowo, linalo thumba. Ine nyimbo sindikuzimva.

Potuluka, amayi a ku Limbe aja, nsapato zili gwa gwa gwa, alunjika pa iye. Esinati wagwada. Amugwira paphewa, lakumanzere lomwelo, atukula kabolelo ndi zala ziwiri. 

Ayang'ana chigamba. Ayandikiza maso. Achisisita ndi chala.

"Anasoka apa ndani?"

Esinati, mawu ali pansi: "Ndine, amayi."

"Ndiwe? Ulusi woyenda bwino chonchi? Ndiye kuti mwana wanga sadzayenda ndi malaya ong'ambika." Aitana abale awo onse kuti adzaone. Anthu asanu ndi awiri a ku Limbe kuunjirira chigamba, kuchiyamikira ngati mwana wobadwa kumene!

Kenako amuuza mokoma mtima: "Koma aka kavule, mwanangu, njenjete zakadya. Ndani anakupatsa?"

Esinati wandiyang'ana. Ine ndayang'ana denga la tchalitchi.

Basi, amukonda, ndipo ndakondwa mpaka misozi, zoona. Ukwati ndi mwezi wamawa. Pobwerera, kabolelo ndakapinda kanayi, ndakhalira pakaliyala. Msewu wa Lirangwe uli ndi mabampu ambiri, ndipo kandithandiza ndithu.