Phulusa mu laputopu ya apongozi

Anthu amati ndine waukali. Sindikana. Mbuzi ikalowa m'munda mwanga ndimaitukwana iyo, mwini wake, ndi amene anamugulitsa mbuziyo. Koma tsiku limene ndifuna kukamba pano, ndinayang'ana uku ndi uku kusaka munthu womukalipira, sanapezeke. Wolakwa ndinali ine ndekha. Zimawawa zimenezo.

Mwana wanga Ireen anakwatiwa ku Lusaka ndi ba Mwanza, munthu wa magalasi, wa nchito ya mu ofesi. Mwezi wa mango anabwera onse awiri kuno kwathu kufupi ndi Mpanshya, chifukwa Ireen anali ndi pakati ndipo anafuna kukhala pafupi ndi amake. Ba Mwanza anatenga livu ku nchito n'kumuperekeza.

Manje ine za chipongozi sindiseka nazo. Tsiku loyamba lomwe ndinaika lamulo: mpongozi sakhala mphasa imodzi ndi ine, sadya mbale imodzi ndi ine, ndipo akafuna kukamba nane adzere kwa Ireen kapena kwa amake Ireen. Atate anga anatero ndi apongozi awo, palibe anafa. Ba Mwanza anavomera bwinobwino, anawomba ndi m'manja (munthu uja alibe mwano, ichi chokha ndimuyamika).

Chimene chinandinyansa ndi laputopu yawo. Akabwera kothandiza kumunda, amaichaja pa batire yanga ya sola, n'kulumikiza kachinthu kogwira m'manja ka timitengo tiwiri, n'kuyamba gemu. Gemu yake yotani? Kamunthu kachepa, kafika ngati njere ya mpunga, kali m'udzu kuseri kwa nyumba. Udzu ndiye mitengo. Nyerere ndiye ng'ombe. Kangaude ndiye lole. Kamunthuko kamange kanyumba, kasake chakudya, kamwe mame, kasadyedwe. Basi.

Ndinaitana Ireen, dala mokweza mawu.

"Uwauze amuna ako kuti bambo wa ndevu, mwana ali m'njira, sathawa nyerere za pa galasi. Nyerere zenizeni zili m'nkhokwe, akalimbane nazo kumeneko."

"Amvela, atate. Ali pomwe apa."

"Sindinafunse ngati amva. Ndati uwauze."

Anawauza. Ba Mwanza anati zikomo.

Tsiku lotsatira ndinakhala pakhonde kusema mpini wa khasu. Pakhonde pathu, pamene pali mthunzi wabwino ndi pafupi ndi windo (si ine ndinaika dzuwa). Ndiye maso amangogwera mkati okha. Mpini umenewo ndinausema masiku anayi. Unaonda mpaka unasanduka ndodo yokusira mbuzi.

Ndipo zimene ndinaona pa windo zinanditentha mtima. Ba Mwanza sadziwa tchire! Akaona kachilombo kalikonse, ndewu. Mzere wa linthumbu uli apo, iwo n'kudula pakati penipeni. Ulusi wa kangaude ukuwala ndi mame, iwo n'kulowamo ngati alowa mu shopu. Amafa kasanu pa ola. Ine kukamba nawo sindingathe, lamulo ndinaika ndekha. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinakalipira galu amene anagona phee pafupi nane:

"Iwe galu wopusa, linthumbu salidula pakati! Zungulira kumbuyo!"

Galu anadzuka n'kuchoka. Ndiye ndinaona kamunthu kaja kakuzungulira kumbuyo.

Koma chimene chinandigwira zenizeni si ndewu. Patali m'gemumo, kuseri kwa udzu, pamaoneka chulu. Chachikulu ngati phiri la ku Shikabeta. Ine inswa ndayamba kugwira ndisanamere mano achiwiri, ndipo pano palibe ondiposa, mufunse. Koma mkati mwa chulu chamoyo sindinaonemo. Ukakumba umangoona zogumuka, chiswe chili balala. Ine kuyambira kale ndimafuna kuyendamo ngati mlendo, ndione njira zake, ndione pamene inswa zimadikira mvula, ndione pamene amagona make wa chiswe. Manje apa pali kamunthu kokwana pa khomo la chulu, ndipo akukayendetsa ndi munthu wolephera kudutsa ngakhale chithaphwi.

Linafika tsiku la sikelo. Ireen, amake ndi ba Mwanza anakonzeka m'mawa kupita ku chipatala. Ba Mwanza anali atayatsa gemu podikira azimayi kuvala, ndiye minibasi italiza hutala pa msewu anangoimitsa n'kuthamanga, laputopu ili chitsegulire pa tebulo.

Ireen anabwerera pakhomo. "Atate, osagwila iyo, ili pa chaji."

"Ine? Kugwira zidole? Uli ndi ulemu iwe?"

Ndinadikira mpaka phokoso la minibasi litazimirira. Ndinadikiranso pang'ono, mwina aiwala buku la sikelo. Ndiye ndinatola mango asanu mu beseni, ndinatseka chitseko, ndinakhala pa mpando wa apongozi.

Poyamba zinali zamanyazi. Kamtengo kamodzi ndi ka miyendo, kena ndi ka maso, ndipo zala zanga ndi za khasu. Kamunthu kanayenda kakuyang'ana kumwamba ngati kaledzera, n'kugwera m'chithaphwi, n'kumira. Kanauka (m'gemu akufa amauka, abusa asamve). Kachiwiri ndinakumana ndi kangaude maso ndi maso. Ndinakuwa, anthuni. Ine amene ndinapha mphiri ndi mpini ndinakweza miyendo pa mpando. Mawu amene ndinamuuza kangaude uja sindingawalembe pano.

Koma pofika mango achitatu zala zinamva. Ndinayenda ngati munthu wa kumudzi. Wosakuputa, osamuputa. Nyerere ikanyamula chakudya ilibe nawe nchito, uitsate kumbuyo, ikuonetsa njira yabwino. Poona ulusi, zungulira. Pomva phokoso, khala pansi pa tsamba, dikira, sukuthamangira basi. Ludzu likakugwira, mame ali pa udzu. Ndinadutsa malo onse amene ba Mwanza amafera, osamenya ngakhale nsabwe.

Ndinafika pa chulu dzuwa lili pamutu. Mtima unagunda ngati tsiku limene ndinakafunsira amake Ireen. Khomo ndi ilo, lakuda bii, lokwana ine bwinobwino. Koma pakhomopo anapingasa matabwa a mizere yachikasu, ngati aja amaika okonza msewu wa Great East, ndi chikwangwani cha Chizungu. Ine Chizungu changa chinathera pa giledi folo. Ndinati awa ndi matabwa chabe, nkhwangwa ndili nayo.

Ndinatema. Ndinatema. Ndinadya mango achinayi, chinjere n'kuika pambali pa mabatani, ndinatemanso. Nkhwangwa ya kamunthu inathyoka. Ndinayamba makofi. Ndinayesa kulumpha, ndinayesa kuzungulira kumbuyo, ndinakwera pamwamba n'kugwa. Thukuta linali kamukamu, madzi a mango akutsika m'zigongono n'kudonthera paliponse, ine osaona.

Ndiye ndinaona nyerere ikuyenda kumwamba, pa mitambo. Ndinati iyi ndiye yatsopano, nyerere youluka yopanda mapiko. Ndinaikhudza ndi chala. Inafa. Inali yeniyeni.

Kuyang'ana pansi, mayo ine! Mzere wa nyerere wachokera pa windo, wakwera mwendo wa tebulo, wazinga chinjere cha mango, ndipo zina zikulowa pakati pa mabatani, zina m'timabowo ta m'mbali motuluka mphepo yotentha. Zikulowa ngati kwawo. Mu laputopu ya mpongozi, mmene muli nchito yake yonse ya mu ofesi, imene ndinati ndi chidole, imene ndinati sindingagwire.

Apa ndipamene ndifuna mundimvetse. Nyerere mankhwala ake ndi phulusa. Aliyense adziwa. Sindinachite chinthu chamisala, ndinachita chimene chimagwira nchito pa nkhokwe, pa khola la nkhuku, paliponse. Ndinathamanga ku mbaula, ndinatapa phulusa lozizira, ndinathira kuzungulira miyendo ya tebulo. Zakunja zinabwerera. Ndinathira kuzungulira laputopu. Bwino. Manje zamkati? Ndinatsina pang'ono n'kuwaza pakati pa mabatani. Sizinatuluke zonse. Ndinawonjezera. Ndinatapa dzanja lodzaza n'kupaka pa timabowo ta m'mbali, ndipo makinawo anakoka okha phulusalo, fyuu, ngati akufwenkha fodya. Ndinati ayi, tigwirizana.

Zotsala ndinati ndizitulutse ngati njuchi. Ndinayatsa kamtolo ka udzu, ndinazimitsa lawi, n'kuuzira utsi m'timabowo. Laputopu inalira ngati chigayo chikameza mwala. Inatsokomola kawiri. Galasi linada.

Ndinakhala pansi. Ndinaitana ngakhale dzina la Yesu, limene ndimasungira maliro ndi matenda.

Ndinapukuta pamwamba ndi chitenje cha amake Ireen, ndinapinda laputopu, ndinasesa pansi, ndinatenga khasu n'kupita kumunda kukapalira mizere imene ndinapalira dzulo lake.

Pobwera ndinapeza afika. Sikelo yayenda bwino, mwana ali bwino, onse akuseka. Ine ndinakhala pakhonde nkhope ili gwa. Ndinamva ba Mwanza akutsegula laputopu, akudina batani. Ndiye "phu!" Ndiye kuyetsemula.

Anatuluka atanyamula laputopu ngati mwana wodwala. Magalasi oyera, nsidze zoyera, ndevu ngati za mkulu wa mpingo. Anagwada patali, mwaulemu, n'kuyang'ana Ireen.

"Ireen, ufunseko atate ngati mwina kunali kamphepo kanalowa mu nyumba."

"Uwauze kuti ndi nkhuku," ndinatero. "Zimasamba m'phulusa, ndiye zimakwera pa tebulo. Ndakamba kangati kuti muzitseka chitseko?"

"Ati ni nkhuku," anatero Ireen.

Amake Ireen anatuluka atagwira chinjere cha mango ndi zala ziwiri (ndinasesa paliponse, kuiwala pa tebulo penipeni). "Atake Ireen, nkhuku za chaka chino zakula. Zimadya mango n'kuseteka chinjere mpaka kuyera." Anayang'ananso chitenje chawo.

Ba Mwanza anati inde, nkhuku ndi zovuta maningi. Anakhala pa mphasa pansi pa mtengo, anamasula kumbuyo kwa laputopu ndi kasikuludilaiva, anatenga mswachi wakale ndi pompi ya njinga yanga. Ireen akupopa, iwo akupukuta. Phulusa limene linatuluka mmenemo mukanatha kuphikira chigwada. Ine ndinali kupemphera zinthu ziwiri zosagwirizana: iyake, chifukwa nchito ya munthu ili mmenemo, isayake, chifukwa ndimadziwa pamene ndinasiya kamunthu.

Inayaka. Anaona za ku ofesi, zonse zilipo. Ndinapuma. Ndiye anatsegula gemu.

Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso.

"Ireen, uuze atate kuti nkhuku yawo ni yanzelu. Yafika pa chulu. Ine mawiki atatu nikalibe kufikako. Uwapemphe anifunsileko kuti pa kangaude paja inapita bwanji."

Ireen anagwira mimba, akuseka mpaka misozi. Ine ndinayang'ana kumapiri. Ndikanatha kulimbikira bodza, ndine munthu wouma mutu. Koma chinthu chinali kundidya kuyambira masana, ndipo chinatuluka chokha.

"Uwafunse kuti matabwa aja amathyola ndi chiyani."

"Aah," anatero ba Mwanza, "yaja sathyoka. Chikwangwani chikamba kuti malo aya akalibe kumanga. Gemu iyi sanaisilize, akali kupanga. Mukati mwa chulu mulibe chilichonse."

"Mulibe chiyani?"

"Mulibe kanthu. Ni khomo chabe."

Zimene zinachitika apa ndinazimva kwa ena, chifukwa ine mutu unazungulira. Akuti ndinadumpha pakhonde. Akuti ndinafika pa mphasa, ndinakhala phewa ndi phewa ndi ba Mwanza, ndinalanda kachinthu kaja m'manja mwawo, ndikuloza galasi ndi chala.

"Imwe ba Mwanza! Munthu wamaphunziro ngati imwe, mulola anthu akupatseni ndiwo zosapsa? Ndani amayamba ndi chitseko nyumba kulibe? Ine ndathyola nkhwangwa pano! Ndamira m'chithaphwi! Ndadyedwa ndi kangaude chifukwa cha khomo lopanda nyumba? Chiswe chenicheni, chopanda sukulu, chimamanga chulu n'kumaliza! Alembereni! Muwauze kuti akalephera abwere kuno, ndiwaonetse chulu, ajambule!"

"Nizalemba, atate. Pali pamene amalola kulemba madandaulo."

"Lembani manje! Ndipo imwenso, kangaude samupita kutsogolo. Onani kuno. Onani!"

Ndinawaonetsa njira yonse kubwerera, iwo akuti "ehe, ehe," ine ndikuwakalipira pa kona iliyonse. Tinadya ndi mango amene anatsala mu beseni, koma ulendo uno titasamba m'manja. Ndinazindikira pamene ndinamva mawu a amake Ireen kumbuyo kwanga.

"Ireen, uwafunse atate ako ngati tibweretse mbale imodzi kapena ziwiri, poti mphasa ndiye yakhala kale imodzi."

Ndinayang'ana mphasa. Ndinayang'ana phewa langa pamene linatsamira. Lamulo la atate anga, limene ndinalisunga ngati mbewu, ndinaliswa ndekha chifukwa cha chulu chabodza. Kunyamuka kunali kochedwa. Ndinati abweretse imodzi, madzi otsukira mbale ndi ovuta.

Mwana anabadwa, wamkazi, ali ndi ukali wanga. Ba Mwanza masiku ano amandiimbira foni okha, osadzera kwa munthu, ndipo ndisaname, ndi munthu wabwino kucheza naye. Madandaulo anga anatumiza, ngakhale ndikuganiza kuti anachotsamo mawu ena. Chulu mpaka lero opanga gemu sanatsegule. Aulesi.

Ba Mwanza amati ndaphunzirapo kuti phulusa sathira mu makina. Ndimavomera kuti nkhani ithe. Koma ine funso langa ndi limodzi, ndipo palibe amene amafuna kuliyankha: nyerere zija zinachoka kapena sizinachoke?